Phokoso la a Chalachimodzi

Mphekesera inali itafalikira kale kuti Lachisanu kalaliki mmodzi mwa awiri aona msana wa njira. A Chalachimodzi, omwe dzinalo adalipata chifukwa cha katayipidwe kawo, ankakhoma kiyibodi ngati akukhoma misomali, pomwe mlamu wawo pa desiki ya pambali anali atapinda manja.

"Alamu, mwadwala?"

"Ayi, ndamaliza."

"Makalata makumi anayi?"

"Eya. Onse ndi ofanana. Ndalemba imodzi, kenako Ctrl ndi C, Ctrl ndi V. Basi."

A Chalachimodzi adaloza khoma la thabwa ndi mlomo. "Kuseri uko kuli bwana. Satuluka, saona. Amangomva! Ofesi ikakhala zii, ndiye kuti muli alesi."

"Koma adati tifulumire."

"Kufulumira kwake kumveke! Zaka makumi awiri chala ichi chadyetsa ana, kuphatikizapo achemwali anu."

"Achemwali amadya ndi dzanja lawo."

"Iii, inu! Fufutani zonsezo, tiyambirenso mwaulemu."

"Zonse?"

"Zonse!"

Mlamu adagunda mabatani awiri, kenako limodzi. Pa kompyuta padayera mbee.

"Mwatani?"

"Ndafufuta."

"Mwakachetechete choncho? Kufufuta kumafuna theka la ola! Chilembo chimodzichimodzi, tha, tha, tha! Nanga yoyamba ija, yoti tizionera?"

"Mudati zonse."

A Chalachimodzi adagwira kumutu. Kuseri mpando wa bwana udalira kwii.

"Mayo ine! Akubwera! Bwezani, alamu, bwezani!"

"Mwa njira yanu kapena yanga?"

"Yanuyo! Koma musauze munthu. Phokoso ndisiyireni ine."

Mlamu adadina Ctrl ndi Z, makalata onse mbwee kubwerera. A Chalachimodzi adasolola kiyibodi yakale yopanda chingwe pansi pa desiki n'kuyamba kuiomba ndi manja onse, mpaka batani limodzi lidathothoka n'kugwera mu kapu ya tiyi.

"Mwamva? Iyi ndiye ntchito!"

"Ndamva. Bwana nawonso amamva. Dzulo adandiitana."

Manja adaima m'malere. "Adati chiyani?"

"Adafunsa kuti amene amasokosa tsiku lonse ndani."

"Ehee! Mwaona? Ndiye mudati ndani?"

"Ndidati ndi inu. Sindinama ine."

"Mulungu akudalitseni, alamu! Chibale ndi chimenechi. Adasangalala?"

"Adalemba dzina lanu pa kapepala. Akuti chaka chino sadagonepo masana ngakhale tsiku limodzi, ndiye Lachisanu akufuna mtendere."

Mu ofesi mudangoti zii. A Chalachimodzi adatsitsa kiyibodi ija pang'onopang'ono ngati khanda logona, adavula nsapato, n'kuyenda monyang'ama mpaka pa desiki ya mlamu wawo.

"Bwanji osanena m'mawa?" adanong'ona.

"Simudafunse."

"Shh, mukukweza mawu! Alamu... timabatani tosalira tija, mumati tili pati?"