Mtengo Wozondoka wa Priska

Ndinamuchenjeza mdzukulu wanga Priska kuti munda wopanda malire umadyedwa ndi anansi, koma ana a sukulu samva. Tsikulo ankakonza kabokosi koyeza madzi a mu Shire, koti kazichenjeza anthu a ku Makhanga mtsinje ukamadzaza, ndipo mwadiya wopita nako unkanyamuka masana omwewo.

"Ukulemba chiyani pa laputopupo?" ndinafunsa.

"Mtengo, agogo. Wouza kabokosika ziwalo zake ndi pomwe zili."

"Mtengo wanji? Msawu? Mlambe?"

"Wa mawu. Muzu pamwamba, nthambi pansi."

"Mayo ine! Mtengo wozondoka ndi wa afiti. Uchotse pakhonde panga!"

"Taonani kaye. Nthambi iyi ndi ya fulashi, kankhokwe kosunga zinthu ngakhale magetsi azime. Ndikukagawa pawiri. Uku kugone pulogalamu yodzutsa kabokosi, uku yoyeza madzi."

"Zigona moyandikana? Pakati pake wabzalapo chiyani?"

"Sabzala, agogo. Ndangolemba poyambira chigawo ndi kukula kwake."

"Malume ako Sebastiano analembanso poyambira dimba lake. Lero mbatata zake akukumba ndi a Pius a dimba loyandikana nalo."

Anapumira m'mwamba. "Alipo mawu otseka chigawo, oti munthu aziwerenga chabe, osalembamo. Ndiwo mpanda wake."

"Ikapo."

"Nkhabe, sindiika! Andichedwetsa ndikafuna kusintha zinthu. Manambala anga salakwa."

"A Pius nawo amatero akamayeza ndi mapazi."

Anadina batani, n'kupinda manja ngati bwana wa kuesiteti. Kagetsi kobiriwira ka pakabokosi kanaphethira kawiri, n'kuzima.

"Kagona?"

"Dikirani." Anadinanso. Zii. Anaika mphuno pagalasi la laputopu. "Ziro mmodzi! Ndasiya ziro mmodzi! Yoyeza madzi yalowerera m'chigawo cha yodzutsa, yaifufuta."

"Ziro si uja unandiuza kuti ndi chabe?"

"Agogo, chonde."

"Kawaze madzi kumaso, kadzuka."

"Sikadzuka mpaka ndikafike nako ku Blantyre."

"Iii! Nanga ku Makhanga adziwa bwanji kuti madzi akubwera? Mitambo ija waiona?"

Kudooko wamwadiya anali atayamba kuitana. Priska anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka m'miyendo.

"Agogo, mawondo anuwo amaphwanyabe mvula ikamayandikira?"

"Kutatsala masiku awiri. Sanandinamizepo."

"Mangani chitenje. Ku Makhanga mukupita ndinu."