Sizasi ya Amanzere

Pa siteji ya basi, bambo wina wa imvi ankayang'anitsitsa diresi la mayi amene anakhala naye pa benchi.

"Pepani mayi, diresi ili anasoka ndani? Msoko wake ndi wa munthu wodziwa."

"Mng'ono wanga, bambo. Anayamba sukulu ya utelala, koma anangokhalako miyezi itatu."

"Chinavuta n'chiyani?"

"Ndi wamanzere. Masizasi akusukuluko anali a dzanja lamanja okhaokha, ndiye akamadula, nsalu inkangotafunika. Aphunzitsi ankaikweza m'mwamba kuti anzake aone. Tsiku lina anangoti sapitakonso."

"Akusukuluwo anabwera kudzamufunsa?"

"Palibe anabwera, ngakhale kuimba foni."

"Ine ndinaphunzitsa utelala zaka makumi awiri, mayi. Mwana akajomba milungu iwiri, tinkangofufuta dzina, n'kumati ndi ulesi. Sindinafikepo pakhomo pa ngakhale mmodzi."

"Mwina kwanuko kunalibe amanzere."

"Analipo. Atatu ndikuwakumbukira nkhope. Sizasi ya amanzere inaliponso, imodzi, yatsopano."

"Ndiye iwowo zinawayendera."

"Ayi, mayi. Ndinkaikiyira m'kabati, kuopa kuti ingasowe. Tsiku lopuma pa ntchito ndinaipeza ikadali m'pepala lake."