Malo Anali Amodzi mu Ndege

Bwana ochokera ku unduna, bwana mkulu wa chipatala, madokotala, manesi, anzanga okankha machira, ndi inu apabanja, ndakuonani nonse. Munthu amene anandilakwira pa moyo wanga ndi mmodzi. Ndi awa mwawaveka maluwawa, Adokotala a mtima. Khalani pansi, Adokotala, musathawe. Amene anandipatsa mpata wolankhula akundidziwa.

Ine sukulu ndinalekezera panjira. Ntchito yanga ndi kukankha odwala kuchoka ku wodi mpaka pakhomo la fiyeta, kochitira opaleshoni. Awa atangofika, tsitsi lili lonse m'mutu, anandilanda machira kuti aonetse kudzichepetsa. Anakagunda nawo khoma, kenako a Matroni. Wodwala anatsika yekha, amvekere: "Ngati kukankha kukukanikani, mpeni muutha? Ndiyenda wapansi!"

Masiku amenewo opaleshoni ya mtima kunalibe kuno. Boma linkatumiza odwala kunja, mmodzimmodzi. Akazi anga anatupa miyendo, kupuma kuli kwa befu. Chaka chimenecho malo mu ndege anapezeka amodzi, ndipo awa anasankha mwana wa sukulu. Sanatume munthu. Anandiimitsa okha m'khonde, nati, "Akulu, ndasankha mwana." Mvula isanagwe ndinaika akazi anga m'manda. Kuyambira pamenepo moni wawo ndinkayankha ndi mutu. Kukhululuka sindinamalize, bodza ayi.

Koma maso ndinali nawo. Mukudziwa chifukwa chake timawatcha a Tamverani. Akabwera mlendo wa ku boma, awa za malipoti analibe nazo ntchito. Ankamukokera ku wodi, kumulowetsa chomverera mtima chija m'makutu, n'kuchiika pachifuwa cha wodwala. "Tamverani, bwana. Mwakamva kaphokoso ka fuu, fuu ako? Ndi magazi akubwerera m'mbuyo. Mupite nako ku ofesi." Bwana a ku unduna, musayang'ane pansi, inunso anakugwirani. Munatuluka tayi ili paphewa.

Mapeto ake boma linagonja. Linamanga fiyeta ya mtima, linagula makina oyendetsa magazi mtima akauimitsa, linatumiza ana athu kukaphunzira. Pano akuti zipatala zinanso za boma ziyamba. Ine amene ndinkakankhira odwala mtima ku nyumba yachisoni, lero ndimawabweza ku wodi, mawa lake akundikalipira kuti ndikugwedeza machira. Kukalipa kumeneko kumandikomera, anthuni. Adokotala, ntchito mwaigwira.

Mayi, ndi ana inu, zikomo potibwereka bambo anu. Tikukubwezerani dazi lili mbee, pepani. Akapume, azigona mpaka dzuwa liwalowere m'chipinda. Chomverera chija muwabisire, apo ayi alendo anu onse azivula malaya.

Koma musanakhazikike pampando wa ndalema, Adokotala, mundimvere ine. Ndakalamba, chaka chamawa sindikuchilonjeza. Ndisanafe ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Tipite tonse kumanda. Mukaime pamene agona akazi anga, mukawauze ndi pakamwa panu kuti kuno kulibenso woyembekeza ndege. Ine ndawauza kangapo, koma anali munthu wokhulupirira adokotala kuposa mwamuna wawo.

Manja akhale kaye pamiyendo, anzanga. Tidikire yankho.

Mwawaona? Agwedeza mutu, avomera. Ombani tsopano, ombani mpaka ku wodi amve!