Mphepo Yopempherera

Eulalia ankayanika zovala pamene wailesi inalengeza kuti mwezi wonse wa Okutobala mphepo izikankhira phulusa la phiri lophulika la Popo kumadzulo. Anasiya beseni pabwalo n'kukwera basi ya ku Cuautla kukagula mankhwala. Pobwerera, pasiteji, bambo wina wa mtolo wa maluwa achikasu anasendera n'kumupatsa malo pabenchi.

"Khalani apa, mayi. Lero ndasangalala, ndikhoza kukupatsani benchi yonse."

"Zikomo, bambo. Mwatola chiyani?"

"Mphepo. Ndimalima maluwa a tsiku lokumbukira akufa ku Atlixco. Phulusa likawagwera, ngakhale maliro amawakana. Ndiye ndinayatsa kandulo m'tchalitchi, ndikuti, Ambuye, litembenuzireni kwina. Andimvera."

"Kwinako n'kuti?"

"Kuseri kwa phiri, kaya. Kwathu kumwamba kuyera. Akuti sabata yamawa nyenyezi zidzathothoka ngati matalala, adzukulu adzaonera padenga. Inu simukaonera?"

"Kwathu tidzakhala titatseka mazenera ndi nsanza zonyowa."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Ozumba. Kuseriko."

"Aa. Komatu phulusa n'losesa, mayi. Bola osalithira madzi."

"Padenga limaseseka. M'chifuwa mwa mwana silisesedwa. Wanga ali ndi mphumu, chaka chatha anatsala pang'ono kutisiya."

"Ndiye inu mumapempha kuti mphepo ibwere kwathu?"

"Ndinayesapo, pakamwa panakana. Ndimangopempha kuti apume."

Bamboyo anavula chipewa.

"Kandulo ija ikuyakabe, mayi. Sindinafunse kuti kwinako kuli ndani. Ndikhululukireni."