Kochi Vondracek ndi Wosewera Wawo Womaliza

Malemu Bambo Merle Vondracek, amene ambiri a inu simunawaitanepo ndi dzina lina koma lakuti Kochi, anabadwa pa 9 Febuluwale 1936 pa famu ya makolo awo kufupi ndi Elk Fork, muno mu Nebraska. Anali achitatu m'banja la ana asanu a Bambo Anton ndi Mayi Ludmila Vondracek. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gene Hruska, mlamu wawo. Banja landituma kuti ndinene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, chifukwa malemuwa atisiyira mwana wawo Curtis, amene wakhala kutsogolo kunoyu, munthu wa zaka makumi asanu amene sangathe kukhala yekha. Simungamvetse za mawa lake mukapanda kumva za bambo ake.

Anayamba maphunziro mu 1942 pa sukulu ya chipinda chimodzi, kumene ankapita atamaliza kukama ng'ombe. Mu 1950 analowa sekondale ya Elk Fork. Anyamata pa sukuluyo anali ochepa kwambiri moti mpira wathu wa ku America uwu, wogwira ndi manja ndi wogundana, ankasewera asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, atavala zipewa zachikopa zopanda chotchinga kumaso. Mano awiri akutsogolo a malemuwa anatsala m'bwalo limenelo. Kumeneko ndi kumenenso anaphunzira mwambo umene m'badwo wathu wonse unaphunzira, wakuti mnyamata akagundidwa mutu n'kuona mdima, umamununkhizitsa mankhwala aja otsitsimula, obaya m'mphuno, n'kumufunsa ngati ali bwino. Yankho lovomerezeka linali limodzi lokha, ndipo akalinena umamubwezera m'bwalo.

Kuyambira 1954 mpaka 1958 anaphunzira za uphunzitsi pa koleji yaing'ono ya mpingo ya Loup Valley, uku akusewerera timu ya kolejiyo. Pa 13 Juni 1959 anamanga banja ndi mlongo wanga Lorraine, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Curtis mu 1961 ndi Janelle mu 1964.

Ntchito yawo yoyamba inali ku sekondale ya Corbin Wells, kumene m'mawa ankaphunzitsa mbiri yakale, masana n'kukhala kochi. Patatha zaka zitatu, timu itagonja kwa tauni yoyandikana nayo, anadzuka tsiku lina n'kupeza chikwangwani chazikidwa pakhomo pawo chonena kuti nyumbayo ikugulitsidwa. Akuluakulu nonse muno mukudziwa tanthauzo lake. Palibe amene amabwera kudzakuuza pamaso kuti watopa nawe, umangowerenga pakapinga pako. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyumbayo sinali yawo n'komwe, inali ya lendi. Ndinapita kukawasamutsa pa lole yanga yonyamulira ng'ombe, ndipo mipando ya mlongo wanga inanunkha ndowe mpaka Khirisimasi.

Mu 1961 anapita ku Dunlevy, ku Kansas. Mu 1966 koleji yawo ya Loup Valley inawaitana kuti akhale kochi wamkulu, ndipo imeneyi ndiyo ntchito imene ankailota. Kolejiyo inali yosauka. Mayunifolomu ankachapa ndi Lorraine, basi ankayendetsa okha malemuwa, ndipo anagonja kochuluka kuposa mmene anapambanira. Mu 1970 akuluakulu a koleji anathetsa masewerawo, bwalo n'kulisandutsa poimika magalimoto. Anasamukira ku Marlow Springs, kumene chikwangwani chinawapezanso. Mu 1974 lole yanga inawatula muno mu Bellwater. Tikutsitsa katundu, Lorraine anayima pakhonde n'kunena ine ndikumva: "Bambo a Curtis, lole ya ng'ombe iyi ine sindidzakweranso. Akakuchotsani pano mupita nokha." Sanali mayi woopseza chabe, ndipo tsiku lomwelo anapachika makatani, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Kumapeto kwa 1977 chikwangwani chinazikidwanso, nthawi ino ndi anthu a tauni inoyi, ndipo akuluakulu a sukulu anawauza malemuwa kuti awapatsa chaka chimodzi chokha. Chaka chimenecho, 1978, Curtis anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndiye anali woponya mpira wa timuyo. Achinyamata amene mumamuona akukoka mwendo m'misewu muno simungakhulupirire mmene ankathamangira, kapena mmene ankaseketsera anthu. Lamulo la m'nyumba mwawo linali lakuti kunyumba aziti Adadi, kubwalo aziti Kochi ngati wina aliyense. Timu imeneyo sinagonjepo chaka chonse.

Loweruka pa 18 Novembala 1978 anasewera masewero olimbirana chikho, pabwalo louma ndi chisanu ngati simenti. Itatsala pang'ono kukwana nthawi yopuma, Curtis anagwetsedwa, mutu n'kumenya pansi. Atadzuka analunjika ku benchi ya timu inayo, mnzake n'kuchita kumutembenuza. Ku chipinda chovalira anasanza. Dokotala panalibe, ndipo palibe amene anaganiza kuti akufunika. Anamununkhizitsa mankhwala aja, uku kunja tauni yonse ikuimba dzina lake. Malemuwa anagwira mwana wawo phewa n'kumufunsa ngati ali bwino, ndipo iye anayankha kuti, "Ndili bwino, Kochi." Anamubwezera m'bwalo.

Curtis anaponya mpira umene unabweretsa chikho mu Bellwater, ndipo akuuponya anagundidwanso. Anamunyamula pamapewa, anamujambula akumwetulira, kenako anakomoka m'basi pobwerera. Ku chipatala ku Omaha anamutsegula mutu, ndipo anatsitsimuka mu Febuluwale. Mbali yakumanja inali yofooka, mawu anatsala owerengeka, ndipo za dzulo sankazikumbukira. Mawu akuti Adadi anapita nawo limodzi. Sikuti anawasiya chifukwa cha mkwiyo ayi, anangosowa. Kuyambira pamenepo mpaka sabata yathayi, bambo ake ankawaitana Kochi.

Mu 1979 tauni ino inatcha bwalo la sukulu dzina la malemuwa ndi kuwauza kuti ntchito ndi yawo mpaka ukalamba. Chimene Lorraine ankafuna chinatheka, sanasamukenso, koma mtengo wake ndi umene mwaumvawu. Malemuwa anatula pansi ukochi, n'kupitiriza kuphunzitsa mbiri yakale basi. M'bwalo la dzina lawolo sanapondemo. Lachisanu madzulo ng'oma za ana asukulu zikayamba kumveka, ankakweza Curtis m'galimoto n'kukazungulira naye m'misewu ya kuminda mpaka phokoso litatha. Chaka ndi chaka anthu ankawaitana ku phwando lokumbukira chikho, iwo ankathokoza mwaulemu osapita. Sindinawamvepo akuloza munthu chala, ngakhale amene anazika chikwangwani, ndipo ankamudziwa. Tsiku lina tikukonza mpanda anandiuza kuti anaona maso a mwana wawo tsiku lija, ndipo anadziwa kuti sali bwino asanamufunse.

Lorraine anatisiya mu Epulo 1996, ndipo chaka chomwecho malemuwa anapuma pantchito. Mlongo wangayo sanawanyozepo amuna ake, koma sindinganame m'tchalitchi muno kuti anawakhululukira. Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana anatsala awiri. M'mawa uliwonse malemuwa ankamumeta Curtis ndevu, kumumanga mabatani, kumudulira nyama m'mbale, kenako n'kuyenda naye kupita ku positi, kudzera njira yaitali yosadutsa kubwalo kuja.

Mu Malichi chaka chino madokotala anawapeza ndi khansa ya kapamba, ndipo sanawabisire kuti chirimwe china sadzachiona. Za iwo eni sanadandaule. Nkhawa yawo inali Curtis. Janelle amakhala ku Oregon, ndipo amayenda pa njinga ya olumala chifukwa cha matenda a minyewa. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ndipo ndimakhala kunyumba ya okalamba. Choncho kwa nthawi yoyamba malemuwa anavala jekete n'kupita ku phwando la chikho lija. Anaima pamaso pa anyamata awo a 1978, amene lero ndi azibambo a imvi, n'kupempha ngati pali banja limene lingatenge Curtis, nyumba yawo ikhale ya banjalo. Ambiri analira. Anawomba m'manja ataimirira. Sabata yotsatira anabweretsa ganizo lomanga chipilala cha Kochi pachipata cha bwalo. Sindikuweruza munthu, aliyense ali ndi katundu wake, koma banja landipempha kuti ndikuuzeni kuti chipilalacho musamange.

Malo anapezeka ku nyumba ya boma yosamalira olumala, ulendo wa theka la tsiku kuchokera kuno. Malemuwa anapita kukaiona. Antchito ake ndi anthu abwino, koma ndi ochepa, ndipo mmodzi amayang'anira azibambo ambirimbiri. Atabwerako, m'mawa mwake anayamba ntchito imene ine ndimaitcha nyengo yawo yomaliza ya ukochi, ya wosewera mmodzi. Kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, monga ankachitira mwezi wa Ogasiti pokonzekera mpira, ankamuphunzitsa Curtis kumanga mabatani ndi dzanja lamanzere, kumanga zingwe za nsapato ndi kugwira lezala. Zimene waphunzira lero, mawa zinali zitafufutika, n'kuyambiranso. Thupi litawathera ankaphunzitsa atakhala pampando, kenako atagona. Pofika Sepitembala manja a Curtis anali atagwira zimene mutu wake unkataya.

Chimodzi chokha chinawakanika, ndipo n'chimene chinkawasowetsa tulo. Curtis ukamufunsa kuti ali bwanji, ali ndi yankho limodzi. Anathyokapo chala, anadwalapo chibayo, anapsapo ndi madzi otentha, koma nthawi zonse ankati ali bwino. Bambo ake ankadziwa kuwerenga nkhope yake. Wantchito wotanganidwa sadzakhala nayo nthawi imeneyo, adzafunsa, adzamva kuti ali bwino, adzapitirira. Ndiye bambo amene anaphunzitsa anyamata a matauni asanu kuti mwamuna sanena kuti zikupweteka anatha miyezi yawo yomaliza akupempha mwana wawo kuti anene mawu amenewo. Ndinawapeza tsiku lina atamugwira dzanja, mawu akuchita kutuluka movutikira: "Mwanawe, ndinakuphunzitsa zolakwika. Zikamapweteka uzinena. Tanena kuti zikupweteka." Curtis anawayang'ana, anamwetulira, n'kuyankha kuti ali bwino, Kochi. Malemuwa anatembenukira kukhoma.

Anamwalira Lachinayi pa 27 Okutobala 2011 m'nyumba mwawo, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, asanamve mawu amene ankafunawo.

Asiya ana awiri, Curtis ndi Mayi Janelle Ostrander, mkamwini wawo Bambo Lyle Ostrander, zidzukulu ziwiri, Heidi ndi Marcus, ndi mlongo wawo Mayi Agnes Pokorny. Banja likuthokoza Bambo Mfumu Kessler, anamwino amene ankabwera kunyumba, amayi a mpingo amene akonza chakudya chimene chikutidikira m'holo, ndi Mayi Darlene Yost, oyandikana nawo nyumba, amene agona pampando m'nyumbamo kuyambira Lachinayi kuti Curtis asadzuke yekha. Anyamata a 1978 amene anyamula bokosi, zikomo. Popita kumanda sitidutsa kubwalo.

Galimoto ya ku nyumba ya boma ija ibwera kudzatenga Curtis Lachitatu. Ofuna kukamuona, adilesi ili ndi Janelle, ndipo msewu wake ndi wa tala.

M'mawa uno Curtis wadzimeta yekha, ndipo kabala kamene mukukaona pachibwano pakeko n'ka lezala. Wamanga yekha mabatani onse. Tisanatseke bokosi ndinapita naye kuti akawaone bambo ake. Anaima nthawi yaitali, akudikira kuti bambo akewo amuuze chochita. Ine ndinamufunsa funso limene aliyense amamufunsa, ndikudziwa kale yankho lake. Anaika dzanja lamanzere pachifuwa, maso ali pa bambo ake, n'kunena kuti, "Zikupweteka, Kochi."

Alamu, mwana wanu wanena. Mzimu wanu uuse mumtendere umene dziko lino linakumanani.