Maraundi Awiri Amene Ndinasiyana ndi a Muhariwa

A Manejala a esiteti yathu, zikomo potipatsa holo ino ndi kutilola kuzimitsa makina dzuwa likadali pamutu. Akuluakulu a zankhonya amene mwachokera ku Blantyre m'mawa uno, takulandirani. Abusa, akapitawo, anzanga a ku fakitale ndi a kumunda. Mayi Janet Muhariwa, ana ndi adzukulu. Kenaka inu eni tsikuli, a Kingstone Muhariwa, amene lero mwavala taye koyamba chichitireni ukwati. Isiyeni, bambo. Ili bwinobwino.

Ine ndine Winston Likoswe. Ndagwira ntchito ndi bambo awa pa sikelo yoyezera masamba a tiyi kwa zaka 29. Pa zaka zimenezo, 22 takhalanso tikuweruza limodzi nkhonya kumapeto a sabata. Lero akupuma ntchito zonse ziwiri.

Ndinene msanga nkhani imene ambiri muno mukuidziwa koma mukuopa kuitchula. Mwezi uno ukatha, a Muhariwa atuluka m'nyumba ya kampani. Mwa mwambo wathu, akupita kwawo kwa mayiwa, njira ya ku Muloza. Wogawa malo pabanja limenelo ndi mlongo wa mayi Janet, a Ganizani. Ndipo a Ganizani ndi alamu awowa sanapatsanepo moni kwa zaka khumi ndi chimodzi. Mpaka lero, munthu amene tikutsanzikana nayeyu sakudziwa kumene akatsitse katundu wake. Chinawadanitsa ndi nkhonya. Ndifikako. Tiseke kaye.

Kwa inu amene simunapiteko ku nkhonya, zimayenda chonchi. Majaji timakhala atatu, aliyense mbali yake ya bwalo, osayankhulana. Raundi ikatha, amene wachita bwino umampatsa 10, mnzakeyo 9. Ngati anagwa pansi, 8. Woyimbira amabwera pomwepo kudzatenga kapepalako. Kakachoka m'manja mwako, kapita. Sungakaitanitse kuti ukonze maganizo.

Tsiku loyamba kuwakhazika pampando wa jaji, a Muhariwa anakhala bwino maraundi awiri. M'raundi yachitatu anaiwala chimene anabwerera. Ndinangoona jaji waimirira, cholembera chili m'mwamba, akukuwa kuti, “M'mimba! Mmenye m'mimba!”

Mkulu woyang'anira masewerowo anawayandikira. “Bambo, mwabwera kudzaweruza kapena kudzaphunzitsa?”

Belu linalira. Woyimbira anafika kudzatenga kapepala. Panalibe cholembedwa. A Muhariwa anamunong'oneza kuti, “Kodi inu mwaona kuti wachita bwino ndani?”

Musabise nkhope, bambo. Ndinalipo.

Kuchokera tsiku limenelo anayamba kutseka makutu ndi thonje. Amati khamu limaweruza ndi pakamwa, ndiye iwo safuna kulimva. Thonjelo linathandiza, koma linali ndi mavuto ake. Tsiku lina tikuchokera ku Blantyre anaiwala kulichotsa. Ine ndinatsikira panjira. Kondakitala anakuwa “Chitakale!” katatu. A Muhariwa anakatsikira ku Limbuli, n'kukafunsa anthu kuti sitolo zasinthidwa liti.

Chizolowezi china mukuchidziwa nonse. Bambo awa amaweruza chilichonse ngati nkhonya. Madalaivala awiri akamakangana pageti, mumawaona atulutsa kapepala. Misonkhano yathu ya ogwira ntchito ili ndi makhadi ake a mapointi m'kabati, raundi ndi raundi. A Manejala, ya chaka chatha ija musaifunse. Lamlungu masana akabwereza pa kanema ndewu zakunja zolimbirana malamba, iwo amapita ku Chitakale ndi mapepala khumi ndi awiri odulidwa kale, ndipo amene angayerekeze kuwauza wopambana asanamalize, ubale umathera pomwepo. Ndinawafunsapo mayi Janet ngati kunyumba amachitanso zimenezi. Anati, “Amatero, koma zaka 34 zonsezi sanadzipatsepo raundi ngakhale imodzi.” Ndiye mukuona kuti ndi jaji wanzeru.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chinkawasiyanitsa ndi ife tonse. Majaji ambiri timawonkhetsa mumtima. Ukafika raundi yachisanu ndi chitatu umadziwa kuti uyu akutsogola ndi ziwiri. A Muhariwa sawonkhetsa. Akapereka kapepala, raundi imeneyo amaiiwala dala. Anandiuzapo kuti ukadziwa amene akutsalira, dzanja limayamba kumumvera chisoni. Choncho ndewu ikatha, iwo amamva zotsatira za khadi lawo limodzi ndi anthu onse, wolengeza akamawerenga.

Pa sikelo analinso chimodzimodzi. Amayi otchola tiyi muli muno, nenani ngati ndikunama. Chiperoni chikawomba, masamba atanyowa, mzere utafika kumsewu, bambo awa sanayang'anepo nkhope ya mwini dengu. Ankayang'ana muvi wa sikelo. Wa mpingo wawo, wa mpingo wina, wowatukwana dzulo lake, onse muvi unali womwewo. Pa zimenezi, a Muhariwa, tikuthokoza. Si ntchito yoimbiridwa nyimbo, koma anthu ankabwerera kwawo osadandaula kuti aberedwa, ndipo zaka 29 si masiku ochepa.

Tsopano nkhani ija.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mwezi wa Ogasiti, a Ganizani anamenyera lamba wa dziko ku Blantyre. Anali wankhonya woopsa kuposa onse amene Mulanje anatulutsapo m'nthawi yathu. Mdani wawo anali Ashraf wa ku Mangochi, wamtali, wosathamanga magazi. A Muhariwa sanayenera kuweruza tsiku limenelo. Anapita kukaonerera. Koma basi ya jaji wina inafera panjira, nthawi n'kukwana. Atawapempha, anakana. Anati, “Uyu ndi mlamu wanga.” Anthu a Ashraf ndi amene anayankha kuti, “A Muhariwa tikuwadziwa. Akhale.” Anakhala. Jaji wachiwiri anali wa ku Lilongwe. Wachitatu ndinali ine.

Kuno kunachoka malole atatu. Anthu ataona mlamu wakhala patebulo, ena anayamba kuvina belu lisanalire.

Maraundi anayi oyamba Ashraf ankangotosa ndi dzanja lamanzere, kutosa n'kuchoka. Tonse atatu tinampatsa. Kuyambira yachisanu mpaka yachisanu ndi chitatu a Ganizani anamupeza m'nthiti, ndipo tonse tinawapatsa. Ya 11 inali yawonso. Yomaliza inali ya Ashraf, palibe anatsutsa. Otsala ndi maraundi awiri, ya 9 ndi ya 10. Mmenemo a Ganizani anamupanikiza mnzawo pazingwe n'kuponya zibakera zosawerengeka. Holo inagwedezeka. Ng'oma, malikhweru, mabenchi kugwa.

Wolengeza anawerenga. Jaji Likoswe, 115 kwa 113, Ganizani. Wa ku Lilongwe, 115 kwa 113, Ashraf. Jaji Muhariwa, 115 kwa 113, Ashraf.

Ndinawayang'ana a Muhariwa. Anali akuchotsa thonje. Sanamve. Anandifunsa ndi maso, ine n'kuwalozera Ashraf ali m'mwamba pamapewa a anthu ake. Anangogwedeza mutu n'kupinda jekete.

Zotsatira zake mukuzikumbuka. Akabaza a pa Chitakale anakana kuwanyamula miyezi iwiri. Kunamveka kuti analandira mbuzi. Ena anati njinga. Mayi Janet anayamba kupita okha kumaliro akwawo. A Ganizani sanamenyenso ndewu yaikulu, anabwerera kumudzi kukalima nanazi. Ndipo ine? Ine ndinali ngwazi. Ndinadya nanazi zaulere mwezi wathunthu. Pasiteji ankandisungira mpando wakutsogolo.

A Muhariwa sanadziteteze ngakhale kamodzi. Wowafunsa ankangomuuza kuti, “Ndinalemba zimene ndinaona.”

Lero ndinene pamaso pa akuluakulu a zankhonya, pamaso pa abusa ndi pamaso pa banja lino. Khadi lolakwika tsiku limenelo linali langa. Maraundi awiri aja ndinawalemba ndi makutu. Ndinawonkhetsanso mumtima, ndinadziwa kuti mwana wakwathu akuwafuna, dzanja n'kuchita zake. Ndinazindikira tisanafike n'komwe pa Thyolo pobwerera. Ndinakhala chete, chifukwa mpando wakutsogolo ndi wokoma. Munthu amene ndinkagawana naye chinangwa pa nthawi yopuma anasenza dzina loipa zaka zonsezi, ine ndikudziwa.

Mwezi watha, nditamva kuti tsiku lotuluka m'nyumba lakhazikitsidwa, ndinafufuza munthu amene anajambula ndewu ija. Anandiikira pa foni. Loweruka m'mawa ndinakwera njinga kupita kwa a Ganizani. Ndinawapeza m'munda.

“A Likoswe, ngati mwatumidwa ndi alamu, njinga musaimike n'komwe.”

“Sananditume. Ndabwera ndi ndewu yanu.”

“Ndewu imeneyo ndikuidziwa. Ndinalimo.”

“Munalimo, n'chifukwa chake simunaione.”

Munthu uja manja akadali nawo, ndiye ndinaima patali pang'ono. Kenaka anakatenga mipando iwiri.

Ndinawapatsa cholembera ndi mapepala khumi ndi awiri. Ndinati tichita mmene amachitira alamu anu. Mawu ndizimitsa. Raundi ikatha mulembe, mundipatse, ndiike m'thumba. Osawonkhetsa.

Tinaonera mwakachetechete. Itatha ya 9, sanalembe. Anati ndibwereze. Ndinakana, ndinati jaji sabwereza. Anati, “Pamudzi pano jaji ndine.” Ndinabwereza.

“Zonsezi zikugwera m'magolovesi?”

“Kupatula zitatu.”

“Nanga iyeyu wandipeza kangati?”

“Werengani nokha.”

Anawerenga. Anafika pa zisanu ndi zinayi, zonse zakumaso, zoyera.

“Nanga anthu aja ankakuwiranji?”

“Ankakukondani.”

Analemba 10 kwa Ashraf. Ya 10 analembanso chimodzimodzi, osapempha kubwereza. Titamaliza ndinatulutsa mapepala aja n'kuwonkhetsa iwo akuona. Kenaka ndinawauza zimene ndakuuzani inuzi, kuti wolakwa ndinali ine. Ananyamula khasu. Anangoti, “Muyende bwino.” Nanazi sanandipatse.

Masabata atatu anadutsa, zii. Ine ndinayamba kufunsa za nyumba za lendi pa boma, mwakabisira, kuti mwina zingafunike.

Lachiwiri lapitali foni yanga inalira. “A Likoswe, tabwerani mudzaone.” Ndinapita. Kumtunda kwa nyumba yawo, pafupi ndi msewu, pamalo pamene madzi saima nthawi ya dzinja, ndinapeza zikhomo zinayi ndi chingwe. Anakhoma okha. Tchire analambula okha. Anati, “Alamu amakonda kuona zinthu bwinobwino. Apa aziona aliyense wodutsa.”

A Muhariwa, zimenezi mukuzimva koyamba. Mayi Janet anazidziwa Lachitatu, ndipo anditsimikizira kuti kusunga chinsinsi masiku atatu kwawavuta kuposa kulera ana asanu.

Tembenukani, bambo. Kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, malaya abuluu. A Ganizani, imirirani akuoneni. Bwerani kutsogolo kuno, mpando ulipo pambali pa alongo anu. Apatseni njira, anthuni.

A Ganizani andituma mawu awiri. Oyamba ndi akuti njerwa ziumbidwe mvula isanayambe, ndipo dothi labwino akudziwa pamene lili. Achiwiri ndi akuti musaganize kuti nkhani yatha. Pa khadi lawo, raundi yachinayi anadzipatsa okha. Akuti pamenepo majaji tonse atatu tinali m'tulo, ndipo ndewu ija inayenera kuthera 114 kwa 114. Akuti mukakambirana pakhonde, ndipo nthawi muli nayo yambiri tsopano.

Ine ndaionera raundi imeneyo kasanu. Maganizo anga ndili nawo, koma pa ndewu imeneyi ndinayankhulapo kale mokwanira.

A Kingstone Muhariwa, mwagwira ntchito ziwiri zimene munthu sathokozedwa akazichita bwino, amangotukwanidwa wina akaluza. Mwazigwira mowongoka. Pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litatuluka, mukadye nandolo zam'munda mwanu, adzukulu akakusokoseni mpaka mutope. Mulungu akupatseni zaka zambiri pamalo atsopanowo, inu ndi mayi.

Taonani! Amene agwirana chanzawo ndi anthu awiri amene Mulanje yense ankati sadzakhalanso pa benchi imodzi. Tiyeni tonse tiimirire. Manja amveke mpaka kumunda.