Bala Limene Ndinabisira Mkamwini Wanga ku Mozambiki

Monire mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndiyankhula Chichewa, chifukwa mu mpingo uno wa ku Lufita muli aphunzitsi ndi anamwino ochokera kuchigawo chapakati ndi kumwera, ndipo sindifuna kuti wina atuluke muno atamva theka.

Ndisanayambe, nditchule amene ndabwera nawo, kuti mudziwe kuti sindikunena za anthu amene palibe. Kumanzere kwangaku kwakhala a Nakwese, mlamu wanga, mlongo wawo wa malemu amuna anga. Kumbuyo kwawo kuli mwana wanga woyamba, Twambilile. Uko kukhomo, pa benchi yomalizira, kwakhala bambo ake a Lusekelo, amuna a Twambilile. Inu akumwera mumati mkamwini, ife timati mkweni. Dzina lawo sinditchula, ndipo sindinalitchulepo chikwatiwire mwana wanga. Akhala patali chotero osati chifukwa tinayambana. Ndi ulemu wa kwathu. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana kumaso, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatuka. Ine ndine Nalungwe, wa ku Misuku, kumunsi kwa nkhalango ya Mughese.

Amuna anga atamwalira, nyumba inandikana. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndinkapita kumunda wa khofi, n'kubwerako osagwira kanthu, n'kupitanso. Mpando unkanditentha. Ana ankati, "Amayi, pumulani," koma kupumulako ndi kumene kunkandidwalitsa.

Tsiku lina analengeza m'tchalitchi kuti ku Mozambiki madzi osefukira agwetsa midzi, ndipo akufuna anthu odzipereka kwa miyezi itatu, ophikira ana phala ndi kuphunzitsa kasamalidwe ka madzi akumwa. Dzanja langa linakwera lokha. Kenako ndinayenda khomo ndi khomo kwa abale a amuna anga, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, kupempha chilolezo. Onse anakana. Anadzalola atamva zinthu ziwiri: kuti a Nakwese apita nawo, ndiponso kuti wachipatala woyang'anira thanzi la gulu lathu adzakhala mkamwini wanga. Iwo anati, "Basi, ali m'manja mwa mwana wathu." Zimene zinawalimbitsa mtima iwo ndi zimene zinadzandimanga ine.

Tinayenda masiku anayi. Abale anga, ife anthu a m'mapiri sitidziwa kutentha. Kumeneko mpweya umalemera ngati bulangete lonyowa. Tinkagona m'matenti, pakati pa anthu oyankhula Chisena ndi Chipwitikizi. Chisena ndinkatolako pang'ono, Chipwitikizi ayi.

Tsiku loyamba mkamwini wanga anagawira aliyense kope ndi cholembera. Anati tsiku lililonse tizilemba zimene tadya, madzi amene tamwa, ngati tagona m'neti, ngati tamwa mapiritsi oteteza malungo, ndi chilichonse chimene thupi likutiuza, ngakhale za kuchimbudzi. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa makopewo n'kuwerenga.

A Nakwese anati, "Adokotala, za kuchimbudzizo tizilemba ndi mtundu womwe, kapena mudzabwera mudzaone nokha?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana kopelo n'kudziwa kuti lili ndi maso a mkamwini.

Masabata awiri oyambirira ndinalemba zoona, popeza panalibe chobisa. Ndinafika Folomu 4 ine, ndipo ndimalemba mooneka bwino. M'sabata yachitatu, ndikuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu, ndinadutsa pamalo pamene panagwa nyumba. Ndinaterereka. M'matopemo munali lata lakale. Linandicheka pa ntchafu, m'mwamba ndithu, chamkati.

Ndinadzuka msanga, n'kuyang'ana ngati wina wandiona. Palibe anaona, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chimenecho. Tamvani kupusa kwake: ndinathokoza kuti palibe anaona. Ndinatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kulimanga ndi kachidutswa ka chitenje. Madzulo ndinalemba kuti, "Ndadya bwino. Ndamwa madzi okwanira. Thupi lili bwino."

Mukudziwa chifukwa chake. Ndikanalemba, akanafuna kuona. Kuti aone, ndikanayenera kukweza nsalu pamaso pa mwamuna wa mwana wanga. A Nakwese sindinawauze, chifukwa iwo sasunga nkhani m'kamwa. Akanathamangira kwa iye pompo.

Komabe mtima sunalole kuti ndingokhala chete. Ndinatembenuza kopelo, n'kuyamba kulemba kuchokera kumapeto. Kumeneko ndinkalemba zoona. "Lero bala latupa." "Lero latuluka mafinya." "Ludzu silikutha, ngakhale ndimwe motani." Likafika Loweruka ndinkatenga singano ndi ulusi, n'kusokerera masamba akumbuyowo ku chikuto, kuti asatseguke. Kope likabwerera ndinkasula. Kutsogolo kunali mayi wathanzi, kumbuyo kunali mayi wowola mwendo, ndipo onse awiri anali ine.

Ntchito sindinaileke. Ndinkatakasa phala mu mgolo waukulu, thukuta lozizira likutsika. Kukhala pansi kunkapweteka, kuima kunkapweteka, choncho ndinkangoyendayenda, kuchoka pamoto kupita kumjigo, kuchoka kumjigo kubwerera pamoto. Anthu ankanditamanda kuti gogo uyu satopa.

"Mlamu," anatero a Nakwese tsiku lina, "mukuyenda ngati bakha. Mwatani?"

"Ndi nsapatozi."

"Nsapato zimanunkha chonchi? Mchimwene wanga anakwatira munthu waukhondo."

"Ndi matope a kuno," ndinayankha, n'kuchokapo.

Kunkabwera namwino wamkazi wa dzikolo kamodzi pa sabata. Ndinati, uyu ndiye andithandiza. Ndinaima pamzere mpaka ndinafika. Koma womasulira wake anali bambo, ndipo anthu anali atazungulira. Atandifunsa pamene pakupweteka, ndinaloza mutu. Anandipatsa mapiritsi a mutu. Sanalakwe, anachiza chimene ndinamuonetsa.

Tsopano ndafika pansi penipeni pa nkhani yanga. Linali Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo. Ndinalowa m'tenti kuti ndisoke kope ndisanalipereke. Maso ankaona bowo la singano ngati awiri. Ndinayesa kulowetsa ulusi, unakana. Ndinaunyowetsa ndi malovu, unakana. Ndinaima, ndinakhala, ndinaimanso. Panja ankaitana kuti makope abwere. Ndinayesanso, ndinayesanso, singano inagwera m'fumbi.

Pofunafuna singanoyo, maso anga anagwera pa masamba akumbuyo aja. Sindinali nditawawerengapo onse pamodzi, ndinkangolemba n'kutseka. Tsikulo ndinawerenga kuyambira poyamba. Tsiku ndi tsiku mizere inkanka niipiraipira, ndipo ngakhale zilembo zanga zokongola zija zinali zitayamba kupindika. Ndinaona ngati ndikuwerenga za mayi wina, ndipo mayiyo anali kufa. Akanakhala Twambilile wolemba zimenezo, ndikanamukoka ndi khutu mpaka kuchipatala.

Kenako linabwera funso limene linandithyola. Ndikafera kuno, adzafunsa ndani? Abale a amuna anga adzakhala pansi pamaliro n'kunena kuti, "Tinamupatsa mayi wathu. Ankawerenga kope lawo sabata iliyonse, osaona kanthu. Ndi dokotala wanji ameneyu?" Adzamuloza chala moyo wake wonse. Mwana wanga adzagona bwanji m'nyumba imodzi ndi munthu amene akuti analekerera amake? Ulemu umene ndinkati ndikumupatsa unali msampha umene ndinkamutchera.

Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti, "Ambuye, manyazi awa ndalephera kuwasenza, anyamuleni Inu." Ndinaitana a Nakwese, n'kuwapatsa kope lotsegula chakumbuyo. Anawerenga mizere itatu ali chiimire. Anatuluka akuthamanga.

Posakhalitsa ndinamva mapazi kunja kwa tenti. Mkamwini wanga sanalowe. Anaima kuseri kwa nsalu ya tentiyo, ndipo ndinkaona chithunzithunzi chake atafulatira.

"A Nakwese," anatero, "afunseni amayi ngati kufiirako kwakwera kufika m'chiuno."

"Akumva okha, si ogontha. Mlamu, yankhani."

"Auzeni kuti kwatsala pang'ono," ndinatero.

"A Nakwese, sambani m'manja ndi sopo, muvale magolovesi awa. Mumasule nsaluyo pang'onopang'ono. Mukuona mtundu wanji?"

"Pakati pakuda. M'mbali mwachita chikasu. Ndipo fungo lake, mwana wanga, ukanakhala muno ukanasiya udokotala."

Ali kunjako, mkamwini wanga anati, "Amayi andikhululukire. Ndiyenera kuliona ndi maso anga."

Abale ndi alongo, amene anapeza njira ndi a Nakwese. Anatenga zitenje zawo ziwiri, china anandifunditsa kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, china anachiboola pakati ndi lumo n'kuchiyala pamwendo, bala lokha n'kumaonekera pabowopo.

"Lowa," anatero. "Muno mulibe apongozi ako. Muli mwendo basi, ndipo mwini wake wapita kumsika."

Ndinaseka ndili m'kati mwa chitenjecho, misozi ikulowa m'makutu. Analowa. Anagwira ntchito yake osayankhula ndi ine ngakhale liwu limodzi. Anandibaya chala n'kuyeza magazi, ndipo anauza a Nakwese kuti shuga wanga wakwera kwambiri, n'chifukwa chake bala silinkapola. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndili ndi matenda a shuga. Tsiku lomwelo anapeza galimoto, n'kunditengera kuchipatala cha m'tauni.

Kumeneko anachotsa mnofu wonse wakufa. Ndinagona masabata atatu, a Nakwese akundidikirira ndi kukangana ndi anamwino m'chinenero cha manja. Dokotala wa kumeneko anauza mkamwini wanga kuti tikanachedwa masiku owerengeka akanadula mwendo, ndipo mwina ngakhale kudulako sikukanandipulumutsa.

Nditayamba kupeza bwino, mkamwini wanga anandibwezera kope langa. Pansi pa mzere wanga womaliza panali zilembo zake. Ndiwerenga monga analembera: "Amayi, ulusi uja ndinkauona Loweruka lililonse. Ndinkadziwa kuti pali chimene mwatseka, koma ndinaopa kufunsa za apongozi anga. Tinalakwa tonse awiri. Chonde musadzasokenso."

Mwamva, abale? Ine ndinkabisa chifukwa cha ulemu, iye ankakhala chete chifukwa cha ulemu, ndipo pakati pa maulemu awiriwo mwendo unkawola.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwetsa singano m'dzanja langa. Ndikuthokoza a Nakwese, amene pakamwa pawo ndinkapaopa, koma ndi pomwe panatsegula njira. Ndikuthokoza bambo ake a Lusekelo. Sindiwayang'ana, koma akundimva. Ndikuthokozanso amayi a ku Mozambiki amene anatsala akutakasa phala lija ine nditachoka. Miyezi itatu sindinaikwanitse, ndipo chimenecho chimandiwawabe. Pali ana amene ndinawazolowera, amene sindinatsanzikane nawo.

Lero moyo wanga uli motere. Mwendo ndili nawo, ngakhale ndimayenda ndi ndodo pokwera phiri. Tiyi ndimamwa wopanda shuga. Mapiritsi ndimamwa m'mawa uliwonse, kenako ndimapita kumunda wa khofi n'kugwiradi ntchito. Kusakhazikika kuja sikunatheretu; masiku ena ndimasesabe posesa kale, ndipo ndikamva kuti kwina kwagwa tsoka mapazi amandiyabwa. Koma madzulo ndimakhala pansi n'kulemba, ndipo ndimalemba kumodzi kokha. Mwezi ukatha Twambilile amanyamula kopelo kupita nalo kwa amuna ake, iwo amawerenga, amalemba malangizo pansi pake, n'kulibweza. Panjira timapatukiranabe. Mwambo sitinauphwanye, tinangoupezera khomo.

Tsopano ndili ndi pempho kwa inu a mlembi wa mpingo, amene ndakuonani mukulemba chiyambire. Umboni uwu usungidwe m'bokosi la mabuku a mpingo, usatayike ine ndikadzapita. Gulu lina likamadzanyamuka kukatumikira kunja, mudzawawerengere, ndipo mudzafunse aliyense payekha kuti, "M'gulu lino, ndani amene sungathe kumuuza za thupi lako?" Mudzakonze njira yake asanakwere galimoto.

Ndipo polemba bwinobwino musandikonzere mawu. Pamene ndanena kuti ntchafu, musalembe kuti mwendo pofuna kundisungira ulemu. Ndalitchula liwulo ndekha, m'nyumba ya Mulungu, mkamwini wanga ali pomwepo, ndipo nonse mukuona kuti ndaima pa miyendo iwiri.

Yewo chomene. Ambuye akusungeni.